Adventures in the Screen Trade ya William Goldman: buku lomwe lidandithetsera mkwiyo wa miyezi itatu

Buku ili sindidagule ndekha. Adandigulira ndi mlongo wanga, atatopa ndi madandaulo anga. Nkhani yake idali yotere: ndidalemba kankhani ka masamba 14, anyamata ena ojambula timafilimu tatifupi adakakonda, n'kundipempha kuti ndikasandutse sikiripiti. Ndidachezera ntchitoyo usiku kwa milungu isanu. Nditawapatsa adathokoza bwinobwino, kenaka adachotsamo chigawo chomwe ine ndinkati ndiye mtima wa nkhani yonse. Ndidanyanyala miyezi itatu. Aliyense wobwera kudzandiona ankamva za chigawocho, afune asafune. Tsiku lina mlongo wangayo adangoponya phukusi pampando n'kunena kuti, "Achimwene, tawerengani za mnzanuyu. Nayenso ankamudula chimodzimodzi, kungoti iye ankalandira ndalama."

M'phukusimo mudali Adventures in the Screen Trade, buku la William Goldman lomwe lidatuluka mu 1983. Ndiyambe ndi mmene chinthucho chidafikira m'manja mwanga, poti ambiri mudzalipeza chonchi, litadutsa kale m'manja mwa ena. Ndi chibuku chonenepa, chachikuto chofewa, mapepala adachita chikasu, ndipo zilembo n'zazing'ono moti usiku zimafuna nyale yabwino. Mwini wake woyamba adali ndi bolopeni yofiira komanso changu cha tsiku loyamba. Adadula mizere pafupifupi patsamba lililonse la koyambirira, kenaka mizere ija idayamba kutalikirana, isadafike pakati idatheratu. Ndikuganiza kuti adalisiyira pomwepo, ndipo ndimamumvera chisoni, chifukwa chokoma chenicheni chili kumapeto. Wogula achenjere ndi chinthu chimodzi: bukuli lidasindikizidwa kangapo, ndipo makope ena ali ndi sikiripiti yonse ya Butch Cassidy and the Sundance Kid pomwe ena alibe. Suzumirani kaye tsamba la zamkatimu. Langa lili nayo, ndipo popanda iyo ndikadaona ngati andibera.

Kwa amene dzinali n'lachilendo, Goldman adabadwira ku Chicago mu 1931, adakulira ku Highland Park, tauni ya kufupi ndi komweko, ndipo adamwalira ku New York mu Novembala 2018 ali ndi zaka 87. Ndi mmodzi wa anthu ochepa zedi omwe adaphula konsekonse, ku manovelo ndi ku mafilimu. Amati mapanga awiri avumbwitsa, koma mkuluyu sadavumbwe. Mabuku ake monga Marathon Man ankagulidwa mwaunyinji, uku iye akutenga mphoto ya Oscar kawiri, ya Butch Cassidy ndi ya All the President's Men.

Sadayambe ngati mwana wamphatso ayi. Iye mwini ankakonda kusimba kuti ku koleji ya Oberlin, komwe adamaliza mu 1952, adalowa kalasi ya kulemba nkhani n'kupeza malikisi otsika kuposa anzake onse. Adalinso mmodzi wa akonzi a magazini ya ophunzira, ndipo akazembetsamo nkhani zake zopanda dzina, akonzi anzake ankazinyoza n'kuzikana iye ali pomwepo, akumva. Atachoka ku usilikali n'kumaliza digiri yachiwiri ku yunivesite ya Columbia mu 1956, adakhala pansi n'kulemba novelo yake yoyamba, The Temple of Gold, m'milungu yosakwana itatu. A kampani ya Knopf adati aitenga pokhapokha aitalikitse kawiri. Adaitalikitsa, n'kutuluka mu 1957. Mkulu wake, James Goldman, nayenso adali mlembi, ndipo ndiye adayamba kulowetsa Oscar m'banjamo, chaka chimodzi mng'ono wake asadatenge yake.

Za mafilimu adazilowa mwangozi, ali ndi zaka 33. Adali atalemba kanovelo ka chigawenga chopha akazi, ka mitu yaifupiifupi yambirimbiri, ndipo wazisudzo Cliff Robertson atakawerenga adangoti munthuyu amadziwa kale kulemba mafilimu. Adamupatsa ntchito. Goldman adavomera asadaonepo sikiripiti chibadwire, ndipo adachita kuthamangira ku Times Square usiku kukasaka sitolo ya mabuku yosatseka kuti aone mmene chinthucho chimaonekera papepala. Zomwe adalembazo Robertson adazikana, ntchito n'kupita kwa wina, ndipo filimu yomweyo idadzamupatsa Robertson Oscar. Goldman amaisimba nkhaniyi osadziliritsa. Apa ndi pomwe ndidayamba kumukhulupirira, chifukwa munthu amene akufuna kukugulitsa maphunziro sayamba ndi kukuuza mmene adamuchotsera ntchito.

Ndinene msanga: ili si buku lophunzitsa kulemba filimu. Amene akufuna lamulo loti patsamba lakutilakuti pachitike chakuti, apite kwina. Gawo loyamba likufotokoza anthu omwe ali ndi mphamvu ku Hollywood, akatswiri a zisudzo, mabwana a makampani, madayirekitala ndi mapulodyusa, ndi mmene mlembi amakhalira pansi pa onsewo. Gawo lachiwiri ndi nkhani za mafilimu omwe iye adagwirapo, imodziimodzi, opambana ndi ogwa omwe. Gawo lomaliza ndibwererako.

Mawu omwe adatchukitsa bukuli ndi atatu okha m'Chingerezi, ndipo akutanthauza kuti palibe amene amadziwa kanthu. Ankalemba mu 1982, Hollywood idakali kunjenjemera ndi Heaven's Gate, filimu ya 1980 yomwe idadya madola oposa 40 miliyoni n'kugwa chagada, mpaka kampani ya United Artists idagulitsidwa kwa MGM. Goldman akuti musawaseke kwambiri, chifukwa mantha omwewo amalakwitsanso mbali inayo. Raiders of the Lost Ark idakanidwa ndi makampani onse akuluakulu kupatula Paramount. Universal idakana Star Wars. Columbia idataya E.T. Anthu amenewa sadali zitsiru. Adali odziwa ntchito, olandira ndalama zochuluka kuti alote chomwe anthu adzakonde zaka ziwiri kutsogolo, ndipo malotowo palibe amene amawatha.

Ndaona anthu ambiri akuwagwiritsa ntchito molakwika mawuwa, makamaka ife olemba tikakanidwa. Timati poti palibe akudziwa kanthu, ndiye kuti wandikanayo sakudziwa kanthu. Inenso ndidawanyamula choncho kwa masiku angapo, n'kumamwetulira ndekha poganiza za anyamata aja. Koma Goldman akunena za msika, zoti palibe angalosere chomwe chidzagulidwe. Za luso lenileni la ntchito ali ndi chikhulupiriro cholimba ngati mwala, ndipo amachibwereza mpaka chimatopetsa: sikiripiti ndi chimango. Si mawu okoma omwe anthu amayankhulana, si kafotokozedwe ka dzuwa likamalowa. Ndi dongosolo la chomwe chibwere poyamba, chomwe chitsatire, ndi chomwe chitayidwe kunja.

Chitsanzo chomwe sindidzaiwala ndi cha Harper, filimu ya Paul Newman ya 1966. Sikiripiti idali itatha, koma adamuuza kuti pakufunika kenakake koonetsa pamene mayina akudutsa koyambirira. Goldman adangolemba mwachangu. Wofufuza milandu wa payekha adzuka m'kaofesi komwe amagonanso, afuna khofi, apeza watha. Aima kaye, ayang'ana bini. Atsegula, atolamo kasefa ka dzulo kokhala ndi khofi wophika kale, akabwezera pamalo pake, athira madzi, amwa, nkhope n'kukwinyika. Palibe liwu ngakhale limodzi. Koma pofika apo woonera wadziwa kale kuti munthuyu alibe ndalama, amakhala yekha, moyo wamukhulakhula, ndipo wayamba kumukonda. Goldman akuti atakaonera filimuyo pamodzi ndi anthu adadabwa kumva holo yonse ikuseka pa kachinthu komwe iye ankakayesa kotsekera mpata. Ndidawerenga ndime imeneyi katatu, kachitatuko ndili chiimire.

Butch Cassidy, nkhani ya akuba awiri enieni a ku America, Butch Cassidy ndi Sundance Kid, adaifufuza zaka zisanu ndi zitatu, moti kanovelo ka chigawenga kaja adakatulutsa m'dzina lobwereka la Harry Longbaugh, lomwe adalitenga ku dzina lenileni la Sundance Kid. Bwanji sadalembe novelo, poti ndiyo idali ntchito yake? Yankho lake lidandiseketsa: sankafuna kuvutika kufufuza tinthu tonse ta moyo wa anthu a pakavalo tomwe novelo ikadafuna. Mufilimu zimenezo ndi mutu wa ena. Sikiripitiyo idagulidwa ndi 20th Century Fox pa madola 400,000, ndalama yomwe idagwedeza Hollywood nthawi imeneyo. Isadagulidwe, bwana wa kampani ina adati angaitenge ngati akuba awiriwo asathawire ku South America, chifukwa John Wayne, katswiri wa mafilimu a anthu a pakavalo, sathawa. Goldman adayankha kuti koma ndi zomwe zidachitika. Kuthawira ku Bolivia kumeneko ndiko kudali chifukwa chake cholembera nkhaniyo. Filimu itatuluka mu 1969 ambiri olemba ndemanga m'manyuzipepala adainyoza, anthu wamba n'kudzaza maholo mpaka kukhala filimu yopeza ndalama zambiri chaka chimenecho ku America. Mukakhala ndi kope lomwe lili ndi sikiripitiyi, iwerengeni mukuonera filimuyo pang'onopang'ono, chala pa batani loimitsira. Ine ndidatero masiku awiri, ndipo ndidaphunzira zoposa zomwe ndidatola m'mabuku atatu a malangizo.

Mutu womwe udandikhudza kwambiri ndi wa All the President's Men, chifukwa muli luso ndi bala pamodzi. Luso lake ndi ili. Buku la atolankhani Bob Woodward ndi Carl Bernstein a Washington Post lili ndi mayina ankhaninkhani, ndipo mathero ake dziko lonse linkawadziwa: pulezidenti wa America Richard Nixon adatula pansi udindo mu Ogasiti 1974 chifukwa cha mlandu wa Watergate womwe iwo ankafufuza. Ungamuchititse bwanji nthumanzi munthu yemwe akudziwa kale kothera? Goldman adataya theka lachiwiri la bukulo. Adaimitsa nkhani pamalo pomwe atolankhaniwo aphonya pa nkhani ya H. R. Haldeman, mkulu wa ofesi ya Nixon, akunyozedwa, osati pomwe apambana. Chipambanocho woonera amabwera nacho yekha kuchokera kunyumba. Ngakhale mawu otchuka a mufilimuyi oti tsatirani ndalama, omwe ambiri amayesa kuti adanenedwadi pa Watergate, m'buku la atolankhaniwo mulibe.

Bala lake ndi loti ntchito ili mkati, Bernstein ndi Nora Ephron adalemba sikiripiti yawoyawo, ndipo Robert Redford, yemwe adali mwini filimu komanso munthu yemwe Goldman ankamuyesa mnzake, m'malo moikana adamuuza kuti aiwerenge mwina muli zina zotola. Pambuyo pake padabwera kulembanso kosatha ndi dayirekitala Alan J. Pakula. Mapeto ake Goldman adatenga Oscar, komabe akulemba kuti akadapatsidwa moyo wina akadalembanso mafilimu onse omwe adalemba, kupatula iyi yokha, sakadaiyandikira. Munthu kunena zimenezo chifanizo chagolide chili pashelefu! Tikumbukire kuti apa tikumva mbali imodzi. Mu 2011 buku la mbiri ya Redford lidanena kuti iye ndi Pakula ndiwo adalembanso zambiri, ngakhale mtolankhani yemwe adafananiza makope a sikiripitiyo pambuyo pake adapeza kuti ntchitoyo ndi ya Goldman. Mulimonsemo, nditafika apa ndidayamba kuchita manyazi ndi miyezi yanga itatu ija. Walira mvula walira matope. Mu novelo mlembi ndi mwini nyumba, mwini mpanda ndi mwini galu. Akangolowa mu filimu wasanduka mmisiri waganyu, ndipo khoma lomwe wamanga bwino angaligwetse mawa chifukwa mwini ndalama akufuna windo.

Za akatswiri a zisudzo amazinena mopanda mantha, mwina n'chifukwa chake bukuli limakoma ngati miseche ya munthu wanzeru. Mfundo yake njoti katswiri salola kuoneka wofooka, ndipo mlembi wosadziwa zimenezi amalemba zoti zidzatayidwe. Pa Marathon Man, filimu ya 1976 yochokera mu novelo yake yomwe, akusimba kuti Dustin Hoffman adaimitsa ntchito pokana kuti munthu yemwe ankamusewerayo atole tochi atadzidzimuka usiku, poopa kuoneka wamantha. Pa filimu yomweyo padali Laurence Olivier, nkhalamba yodwala, yomwe ambiri ankaiyesa mfumu ya azisudzo onse. Olivier atafuna kusintha timawu tochepa mu mzere umodzi, adatembenukira kwa mlembi n'kupempha chilolezo. Goldman amailemba mphindi imeneyo ngati mwana yemwe wapatsidwa moni ndi munthu wamkulu pagulu. Ukawerenga umamva kuti ulemu woterewu adaulandira kamodzikamodzi pa moyo wake wonse wa ntchito.

Palinso kankhani ka A Bridge Too Far ya 1977, ya nkhondo ya ku Arnhem mu 1944. Olemba ndemanga adati Ryan O'Neal ndi mwana kwambiri kuti akhale mkulu wa asilikali James Gavin. Chonsecho Gavin weniweniyo adali ndi zaka 37 pa nkhondoyo, pafupifupi msinkhu womwewo wa O'Neal. Chinthu kukhala choona n'kwina, kukhulupirika pa kanema n'kwinanso. Ife omwe timadziteteza ndi mawu oti koma zidachitikadi, tamva.

Tsopano zomwe sizidandisangalatse, poti zilipo ndithu.

Gawo loyamba lakalamba m'malo ambiri. Muli masamba otsutsana za yemwe ali katswiri wamkulu mu 1982, mayina omwe wachinyamata wa lero ayenera kuchita kuwafufuza pa intaneti, ndipo akawapeza sapindulanso kanthu. Ndi dziko la maholo a kanema, makaseti a vidiyo akungoyamba kumene, Netflix kulibe ngakhale m'maloto. Pamenepo ndi pomwe mwini bolopeni yofiira adafookera, ndipo sindimuda. Dumphani osadziimba mlandu. Chingerezi chakenso ndi cha pakamwa, chodzaza nthabwala za ku New York ndi mafanizo a masewera a ku America, moti wozolowera Chingerezi cha m'kalasi apunthwa pena ndi pena.

Chachiwiri chidandikwiyitsa. Pa The Stepford Wives ya 1975, dandaulo lake lalikulu ndi loti dayirekitala Bryan Forbes adapatsa mbali mkazi wake, Nanette Newman, ndipo chifukwa cha zimenezo akazi onse a mufilimuyo adavekedwa madiresi aatali m'malo mwa zovala zokopa zomwe iye adalingalira. Mfundo yake ya nkhani ndiyomveka, poti amuna omwe akusandutsa akazi awo zidole akadawapanga monga mwa zilakolako zawo. Koma kayankhulidwe kake pa thupi ndi msinkhu wa mayiyo n'kosalemekeza. Mlongo wanga, yemwe adaliwerenga ine nditamaliza, adapinda ngodya ya tsamba limenelo n'kundibwezera osanena kanthu.

Chachitatu, munthu woti palibe akudziwa kanthu, iyeyo amadziwa zambiri bwanji! Amalimbana kwambiri ndi chiphunzitso chochokera kwa olemba ndemanga a ku France choti dayirekitala ndiye mlengi yekha wa filimu, mpaka kunena kuti matamando amenewo ndiwo adaononga mafilimu omaliza a Alfred Hitchcock. Theka lake ndikuvomereza, poti mutu umodzi susenza denga ndipo filimu imadutsa m'manja ambiri. Theka linalo ndi mlembi yemwe watopa kuona dzina la wina pamwamba pa ntchito yake. Sindikumuweruza, kungoti wowerenga azidziwa.

Koma chondiwawa kwenikweni n'chakuti wolemba manovelo uja m'bukuli amabisala. Ine ndinkafuna kumva mmene munthu mmodzi amasenzera ntchito ziwirizi, mmene amadziwira kuti nkhani iyi ndi ya buku, iyi ndi ya kamera. Amangokhudza n'kudutsa. The Princess Bride, novelo ya 1973 yomwe idabadwa pamene ana ake aakazi awiri adapempha nthano, wina ya mwana wa mfumu wina ya mkwatibwi, ndiyo yomwe ankaikonda kuposa zonse. Filimu yake idavuta zaka zambiri, iye mpaka adawombola ufulu wake ndi ndalama za m'thumba mwake, ndipo idadzatuluka mu 1987 m'manja mwa Rob Reiner, bukuli litatuluka kale. Za kwawonso amazilambalala. Bambo ake adamira mu mowa n'kudzipha iye ali ku sekondale, mayi ake adali ndi vuto la kumva. Ukadziwa zimenezi nthabwala zake zosatha zija zimamveka mwina, ngati za munthu yemwe adaphunzira msanga kuseketsa anthu kuti asamufunse mafunso.

Ndipo pali china chomwe sadanene mu 1983 koma adadzaulula m'buku lotsatira, Which Lie Did I Tell?, la 2000. Nthawi yomwe ankalemba zonsezi ndi mawu a munthu wodziwa njira zonse za mu Hollywood, foni yake idali itasiya kulira. Kwa zaka pafupifupi zisanu, kuyambira 1980, palibe ankamufuna, mwini ma Oscar awiri. Adadzabwereranso, n'kulemba mwa zina Misery ya 1990 yomwe idapatsa Kathy Bates Oscar, koma novelo yake yomaliza idatuluka mu 1986 ndipo zaka 32 zotsalazo sadatulutsenso ina. Zimenezi zimandipatsa maganizo. Mapanga awiri aja mwina adamuvumbwitsa ndithu, kungoti mochedwa.

Gawo lomaliza ndilo ndikuti mugulire bukuli. Goldman akutenga kankhani kake komwe adalemba ali mnyamata, Da Vinci, ka mwana yemwe bambo ake ali ndi malo ometera, ndipo alemba ntchito wometa wina waluso lodabwitsa koma wochedwa moti bizinesi siingapirire naye. Akusindikiza kankhaniko konse. Kenaka akuganiza mokweza pamaso pako: apa kamera singaone, apa pakufunika munthu wina, ichi ndimachikonda koma chichoke. Kenaka akulemba sikiripiti yake. Akatha akuipereka kwa amisiri enieni kuti ainene: wokonza maonekedwe a malo Tony Walton, wojambula Gordon Willis, wolumikiza zithunzi Dede Allen, wopeka nyimbo Dave Grusin, ndi dayirekitala George Roy Hill, yemwe adapanga naye Butch Cassidy. Aliyense akuona vuto lomwe mlembi sadalione. Papepala n'kosavuta kulemba kuti mwana wametedwa mokongola moti dziko lasintha, koma wojambula ayenera kuonetsa kumetako, ndipo tsitsi ndi tsitsi basi. Hill ndiye sadamunyengerere n'komwe, adaisambwadza sikiripitiyo. Goldman akadatha kuchotsa masamba amenewo, buku ndi lake. Adawasiya momwemo.

Usiku womwe ndidamaliza gawo limeneli ndidatulutsa sikiripiti yanga ija n'kuwerenganso chigawo chodulidwacho. Mayi wamasiye wakhala pampando, akuganiza za mwamuna wake. Masamba awiri athunthu. Mukankhani kaja adali masamba abwino koposa onse, ndipo mpaka lero ndikutero. Koma ndidadzifunsa funso la Gordon Willis, loti kamera ikuona chiyani. Ikuona mayi atakhala pampando. Kwa mphindi ziwiri. Anyamata aja sadadule mtima wa nkhani, adadula mpando.

Ndidayesa njira ya kasefa ka khofi. Mukankhaniko mudali mzere umodzi wongodutsa, woti wotchi ya pamkono ya malemuyo inkatsogola ndi mphindi khumi chifukwa ankaopa kuchedwa. Ndidalemba chonchi: mayi atenga wotchiyo m'kabati, wailesi ikulengeza nthawi, akoka kachitsulo ka m'mbali n'kubweza muvi kuti ilondole. Aiyang'ana. Kenaka akokanso kachitsuloko, aitsogozanso mphindi khumi, aibwezera m'kabati, atseka. Mizere isanu ndi umodzi, wopanda liwu. Ndidawatumizira anyamata aja m'mawa mwake, ndi uthenga wopepesa womwe udandivuta kulemba kuposa chigawocho. Adayankha kuti n'chabwino zedi, akulu, koma filimu adamaliza kujambula mwezi wathawo, ndipo mayi yemwe ankasewerayo adasamuka.

Ndiye ndani aligule? Wolemba nkhani kapena manovelo yemwe wayamba kukodwa ndi za mafilimu, ameneyo aligule asadasaine chilichonse. Wokonda mafilimu a ku America a zaka za m'ma 1970 alikonda ngati nthano. Wofuna mbiri yonse ya moyo wa Goldman akhuta theka, ndipo afunika kuwonjezera la 2000 lija. Wofuna njira yachidule yolemerera asataye ndalama yake. Pa nyenyezi zisanu ndikupereka zinayi, imodzi ndachotsa chifukwa cha masamba okalamba aja ndi tsamba lomwe mlongo wanga adapinda.

Kope langa tsopano lili ndi mizere yamitundu iwiri, yofiira ya mwini wake woyamba koyambirira ndi ya pensulo yanga kuyambira pa Harper mpaka kumapeto. Msana wake wathyoka pa Da Vinci moti likagwa limatseguka lokha pamenepo. Mmodzi wa anyamata aja, yemwe adadula chigawo changa, wandipempha kuti ndimubwereke, ndipo ndamuuza kuti adzatenge Loweruka, koma abwere ndi bolopeni yamtundu wina.